Kompresa ikaleka kudzaza thanki: kutsuka ndi kukonza zipangizo zake pakhomo

Kuno ku Lusaka kompresa, makina opanikizira mpweya m'thanki, imadyetsa mabanja ambiri. Omata matayala m'mbali mwa Kafue Road, owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ku Kalingalinga, akalipentala opopera vanishi pa mipando, onsewa ntchito yawo imaima tsiku limene makinawa akana kudzaza thanki. Chimene chimandiwawa n'chakuti makompresa ambiri amene amakankhidwira pakona kuti afa, kapena kugulitsidwa pa kilo kwa ogula zitsulo zakutha, amakhala asanafe. Amakhala atatsamwa ndi fumbi, mwaye ndi madzi, mwina kalabala kamodzi katatha, zinthu zoti munthu wofatsa angazikonze pakhomo Loweruka limodzi.

Ndikunena za kompresa ya pisitoni, ija ya thanki ya malita 24, 50 kapena 100 yoyendera magetsi a m'nyumba a 230V, kaya ndi ya lamba kapena yoti mota ndi pampu zinagwirana. Zida zofunika n'zochepa: masipanala, sikuludiraiva, pulayala, burashi yakale yotsukira mano, nsanza zoyera zosathothoka ulusi, parafini pang'ono, madzi a sopo, thread tape (katepi kokulunga pa mazinga a mapayipi) ndi foni yojambulira.

Yambani ndi makutu

Musathamangire sipanala. Tulutsani mpweya wonse m'thanki, tsekani potulukira, iyatseni, muime pambali mpaka izime yokha. Makompresa ang'onoang'ono ambiri amazima geji yosonyeza mphamvu ya mpweya ikafika pa 8 bar, n'kudzayakanso ikatsika cha pa 6 bar. Pozimapo pamamveka "psss" kamodzi, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, pansi pa kabokosi ka pressure switch, kamene kamayatsa ndi kuzimitsa mota. Kumeneko si kuwonongeka. Ndi kavalavu kotchedwa unloader, kakutaya mpweya wotsalira m'payipi yochokera ku hedi, chivindikiro cha pamwamba pa pampu, kuti mota idzanyamuke mopepuka.

Koma "psss" uja akapanda kuleka, singano ya geji n'kumatsika makina ali chete, vuto lili pa non-return valve, valavu yoletsa mpweya wa m'thanki kubwerera ku pampu, ngakhale kuti phokoso likutulukira pa switchi. Anthu ambiri amataya ndalama kugula pressure switch yatsopano chifukwa cha zimenezi. Mota ikamazungulira bwinobwino koma singano itakakamira pa 3 kapena 4 bar, vuto lili m'hedi. Chotsani fyuluta, muyandikize chikhatho pa bowo lolowera mpweya. Liyenera kukukokani, likamakubwezerani mpweya wofunda, ndiye kuti valavu yathyoka kapena gasiketi, kapepala kotseka mpata pakati pa zitsulo za hedi, yapsa. Mpweya ukamatuluka ndi madontho a oyilo, kwinaku pa kachivindikiro kothirira oyilo pakufuka, maring'i a pisitoni atha. Ndipo mota ikamangolira "mmmm" osazungulira, zimitsani nthawi yomweyo isanapse.

Lembani mphindi zimene yatenga kudzaza thanki, kuti mudzayerekeze mukatha ntchito. Musavutike mtima ikachedwerapo poyerekeza ndi zimene zinalembedwa m'kabuku kake. Lusaka ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yaikulu, mpweya wa kuno ndi wopepukirapo, choncho pisitoni imakoka wochepa pa ulendo uliwonse.

Musanamasule kanthu

Zimitsani pa switchi, zulani pulagi, muiike pamene mukuiona ndi maso anu. Musadalire zoti magetsi athima, chifukwa amabwera osagogoda, zala zanu zili pa lamba. Kokani kamphete ka safety valve, valavu yotaya mpweya ukapitirira malire m'thanki, mpaka geji itsike cha pa 1 kapena 2 bar. Dikirani hedi ndi payipi yake zizizire, pakuti zimatentha mpaka kusupula khungu.

Tsopano ikani beseni pansi pa thanki, mutsegule kampopi kotulutsira madzi. Mpweya wotsala uja ukankha madziwo. Pendeketsani thanki kuti onse atsikire ku kampopiko, ndipo mukasiye kotsegula mpaka geji ifike pa 0 ndi ntchito yonse ithe. Madziwa amachokera mu mpweya momwemo. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ukafika m'thanki umazizira, chinyezi chake n'kusanduka madzi. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, amachuluka kwambiri, ndipo ndi omwewo amene amalavulira pa geti mukamapenta, penti n'kutuluka matuza. Ngati palibe chikutuluka, kampopiko katsekeka ndi matope a dzimbiri. Thanki ikakhala yopanda mpweya ndithu, kamasuleni konse, mukatokose ndi kawaya, mukatsuke, kapena mugule kena, n'kotchipa.

Yang'anitsitsani zimene zagwera m'beseni. Madzi ofiirira pang'ono si nkhani. Zibenthu za dzimbiri ndiye zodetsa nkhawa. Gwadani muyang'ane kunsi kwa thanki, makamaka mozungulira kampopi ndi pamene anawotcherera miyendo. Penti wotupa, malo onyowa osauma, kapena kabowo kotulutsa mpweya, zonsezi zikutanthauza kuti thanki yadyeka kuchokera m'kati.

Apa pokha ndiye palibe kukonza. Thanki yobowoka siwotcheredwa, simatidwa, siikidwa chigamba. Pa 8 bar, kamalo kalikonse ka khoma la thanki kakang'ono ngati chikhadabo kamakhala kakukankhidwa ndi mphamvu yokwana makilogalamu pafupifupi 8. Pamene paoneka kabowo kamodzi, chitsulo chozungulira ponsepo chimakhala chitapyapyala kale, ndipo moto wa welding umangochifooketsa. Thanki yotere ikaphulika imang'ambika n'kuuluka, ndipo yapha anthu m'maiko ambiri. Wowotcherera wodziwa ntchito yake mukamuuza kuti, "Amdala, tangotsekaniko kabowo aka," adzakukanirani, ndipo mumuthokoze. Chotsani pampu, mota ndi switchi, muzisunge kapena muziike pa thanki ina yabwino, yakaleyo muiboole bowo lalikulu kuti wina asadzaitole n'kuika moyo wake pachiswe.

Fyuluta ndi oyilo

Fyuluta ndi yosavuta, koma ndi imene imateteza zonse za m'kati. Mphepo ya Ogasiti mpaka Okutobala imanyamula fumbi la m'misewu ya m'makomboni, ndipo m'shedi ya kalipentala kapena wopenta mumaonjezereka utuchi ndi nkhungu ya penti. Ya siponji itsukeni m'madzi a sopo, muifinye, iume ndithu musanaibwezere. Ya pepala sitsukidwa ndi madzi: igogodeni pang'ono fumbi ligwe, muiyang'ane padzuwa, ngati kuwala sikudutsa gulani ina. Ndaona makompresa ambiri akuyenda bowo lili pululu chifukwa kabokosi ka fyuluta kanathyoka. Fumbi lolowa pamenepo limasakanikirana ndi oyilo n'kumapala silinda ndi maring'i tsiku ndi tsiku.

Oyilo amatuluka bwino akadali wofunda, choncho ndi bwino kumukhetsa makina atangoyenda mphindi zingapo, pulagi mutazula. Masulani kabawuti ka pansi pa pampu, akhetsereni m'chitini. Wakuda bii ndi wokalamba chabe. Woyererako, wathovu, walowa madzi. Wonyezimira tizitsulo akukuuzani kuti china chake chikudyeka m'kati. Thirani oyilo wa kompresa, amene pa botolo pamalembedwa ISO 100 kapena SAE 30 non-detergent, mpaka pakati pa kagalasi koonera, pa kadontho kofiira kaja. Kupitirira apo amakwera n'kumatuluka ndi mpweya. Oyilo wa injini ya galimoto ali ndi mankhwala otsuka amene amachita thovu ndi kusiya mwaye pa mavalavu. Ndikudziwa kuti ndiye amapezeka msanga pa shopu iliyonse, koma mudzalipira potsegula hedi kawirikawiri. Kompresa yolembedwa oil-free isathiridwe oyilo n'komwe.

Oyilo wakaleyo musamutaye m'ngalande kapena m'dzenje. Mwala wa pansi pa Lusaka uli ndi ming'alu ndi mphako zambiri, madzi ali pafupi, ndipo anthu a ku Kanyama, Chawama ndi madera ena ambiri amamwa a m'mijigo ndi m'zitsime. Sungani m'chigubu chotseka.

Non-return valve

Tsatirani payipi yochokera ku hedi mpaka pamene yalowera m'thanki. Pamenepo pali kachitsulo ka buraasi, kachikasu, kokhala ndi chivindikiro cha makona asanu ndi limodzi, ndipo m'mbali mwake mumatuluka kapayipi kakang'ono kopita ku pressure switch. Yang'ananinso geji musanakhudze chivindikirocho, chifukwa mpweya wonse wa m'thanki umatsamira pamenepo. Masulani pang'onopang'ono, chala chili pamwamba, kuti kasipuling'i kasadumphire m'fumbi. M'kati mupeza kasipuling'iko ndi kalabala kozungulira. Nthawi zambiri pamakhala kachibenthu ka mwaye kapena ka dzimbiri kamene katsekereza, kalabala n'kulephera kukhala bwino pampando pake. Pukutani pampandopo ndi nsanza yonyowa parafini, mupukutenso ndi youma. Kalabala kakakhala ndi mzere wozama mbali imodzi, mutha kukatembenuza kuti kakupirireni masiku angapo. Kolimba gwa, kapena kong'ambika, n'kosintha. Nyamulani valavu yonseyo popita ku mashopu a zipangizo a ku Kamwala kapena m'tauni, chifukwa mazinga ake amasiyanasiyana ndipo kufotokoza ndi pakamwa sikuthandiza.

M'kati mwa hedi

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo pamafuna mtima wodekha. Tsukani kaye kunja. Zipsepse za hedi ndi silinda ndizo zimataya kutentha. Zikamatirira fumbi losakanikirana ndi oyilo, pampu imatentha mopitirira ndipo mwaye umachuluka m'kati. Zikwecheni ndi burashi. Kenako jambulani ndi foni mbali zonse, ndipo kandani kamzere kamodzi kotsika kuchokera pa hedi, kudutsa pa mbale ya mavalavu, mpaka pa silinda, kuti pobwezera musatembenuze kanthu.

Masulani payipi yotulutsa mpweya, kenako mabawuti a hedi, pang'onopang'ono, modumphitsa. Hedi ikakana kunyamuka, igogodeni m'mbali ndi chigwiriro cha hamala kapena kathabwa. Musalowetse sikuludiraiva pakati n'kukanula, chifukwa aluminiyamu ndi wofewa, ndipo bala limene mungasiye pamenepo lidzakhala likudontha mpweya mpaka kalekale. Chilichonse chimene mwachotsa chiyalani pa nsalu motsatana, mbali ya pamwamba ili pamwamba, n'kujambulanso.

Mbale ya mavalavu ili ndi timalata topyapyala tachitsulo. Pisitoni ikamatsika, kalata kamodzi kamatseguka kuti mpweya ulowe. Ikamakwera, kameneko kamatseka, kena n'kutseguka kuti mpweya upite ku thanki. Kakathyoka kamodzi, kapena kakapanda kugona bwino chifukwa cha mwaye, pisitoni imangovina pachabe. Tengani mbaleyo muiyang'ane padzuwa cham'mbali: kalata kalikonse kayenera kugona kwathunthu, popanda mpata wodutsa kuwala. Kothyoka nsonga, kopindika kapena kodyeka ndi dzimbiri sikawongoledwa. Ndipo nsonga ikasowa, ifunefuneni pamwamba pa pisitoni ndi m'payipi, isatsalire m'kati. Ena amadula timalata ku chitini cha zakumwa. Musatero. Chitsulo chimenecho sichipirira kupindika maulendo ambirimbiri pa mphindi imodzi, chimathyoka msanga n'kugwera mu silinda.

Tsopano yang'anani gasiketi ya pakati pa hedi ndi mbale. Ili ndi kamzere kopyapyala pakati kolekanitsa chipinda cholowera mpweya ndi chotulukira. Kamzere kameneka ndi kamene kamapsa kawirikawiri, ndipo kakaduka mpweya umangozungulira m'hedi momwemo. Kunja simumva kudontha kulikonse, koma singano siipitirira 4 bar. Makompresa ambiri otayidwa aja, vuto lake limakhala kapepala kameneka.

Viikani mbale ndi hedi m'parafini kuti mwaye ufewe, muukweche ndi burashi ndi kathabwa kosongola. Petulo ndi thinner musayandikire nazo: nthunzi yake ikatsalira m'kati, n'kukumana ndi mpweya wotentha wopanikizidwa, imatha kuyaka. Ngakhale parafiniyo atsukuluzidwe ndi madzi a sopo, zitsulo ziume padzuwa mpaka fungo lithe. Zotsalira za gasiketi yakale zipaleni mofatsa ndi lezala yogoneka. Ngati pa mbale pali timabala, chotsani timalata, yalani sandipepa yosalala, ya nambala 400 kapena 600, pa galasi la windo, mudonthezere madzi, n'kumayendetsa mbaleyo mozungulira, osakanikiza, mpaka nkhope yonse ifanane. Galasi ndi lofunika chifukwa ndi losalala kwenikweni. Pa thabwa kapena pa simenti mungoipotoza.

Gasiketi yakale sibwezeredwa. Ikasowa yogula, dulani yanu ku pepala la gasiketi lopirira kutentha, limene amagulitsa ogulitsa zipangizo za galimoto. Yalani pepalalo pa hedi, mugogode m'mphepete pang'onopang'ono ndi mutu wozungulira wa kahamala, lizidzidula lokha motsata chitsulo, kuyambira ndi mabowo a mabawuti. Kukhuthala kwake kufanane ndi kwa yakale, makamaka ya pansi pa mbale. Ikapyapyala kwambiri pisitoni imagunda mbale. Ikakhuthala kwambiri mpata umakula, pampu n'kufooka. Katoni wa bokosi amapsa tsiku lomwelo. Silikoni nayenso ayi, chifukwa amafinyikira m'kati n'kukamata timalata tija.

Hedi idakali yotsegula, zungulitsani pampu ndi dzanja kuti pisitoni itsike, muyendetse chala m'khoma la silinda. Liyenera kukhala losalala. Mizere yozama yoti chala chikuimva siingathe ndi maring'i atsopano okha. Silindayo ipite kwa akatswiri a makina ku industrial area kapena isinthidwe. Khoma likakhala labwino koma oyilo akukwera, sinthani maring'i. Mbali yolembedwa TOP iyang'ane kumwamba, ndipo mipata ya maring'i isayang'anizane, ina iloze uku ina uko. Pakani oyilo pang'ono musanalowetse pisitoni. Kwa oil-free, ring'i yake ndi yapulasitiki yolimba, ndipo imasinthidwa pamodzi ndi silinda yake.

Pobwezera, tsatirani zithunzi ndi kamzere kaja. Mabawuti onse alowe kaye ndi zala, kenako mangani modumphitsa, ili ndi la kutsidya kwake, maulendo awiri kapena atatu, mukuonjezera mphamvu pang'onopang'ono. Sipanala yaifupi ndi dzanja limodzi zikukwana. Mukaonjezera chipayipi ku sipanala mudula mazinga.

Lamba ndi mota

Lamba akanikizeni ndi chala pakati pa mapule awiri. Atsike sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Wolefuka amaterereka n'kumalira, womangitsa amadya mabering'i. Wong'aluka kapena wonyezimira m'mbali ndi wotha. Ikani rula m'mbali mwa mapule onse awiri kuti muone ngati ali pa mzere umodzi, ndipo chotchingira lamba chibwerere pamalo pake.

Mota yolira osanyamuka thanki ili yopanda mpweya, kawirikawiri ndi kapasita, kachitini kaja kothandiza mota kunyamuka, kokhala pamwamba kapena m'mbali mwake. Yotupa kapena yodontha yafa. Yatsopano ikhale ndi nambala ya µF yofanana ndi yakale, ndipo ya mavoti isachepere. Dziwani kuti kapasita imasunga moto ngakhale pulagi itazulidwa, choncho ngati zamagetsi simunazizolowere, itanani wodziwa. Koma musanaiweruze, yang'anani chingwe. Chingwe chachitali chopyapyala, chokokedwa kuchokera m'nyumba mpaka kumsewu, chimafooketsa magetsi, mota n'kumalephera kunyamuka. Kompresa ikhale pafupi ndi soketi, pa chingwe chachifupi cha 2.5 mm², ndipo chotalikitsa chikhale payipi ya mpweya.

Kuyesa

Tsekani kampopi ka madzi, zungulitsani pampu ndi dzanja kawiri katatu kuti mumve ngati palibe chikugunda, kenako yatsani. Thanki ikadzaza, pakani madzi a sopo ndi burashi pa mfundo zonse: pa geji, pa regulator yochepetsera mphamvu ya mpweya wotuluka, pa kampopi, pa non-return valve, ndi m'mphepete mwa hedi makina akuyenda, mukusamala lamba ndi fani. Pamene pakufufuma thovu, tulutsani mpweya wonse, masulani, kulungani thread tape maulendo atatu kapena anayi motsata kumene nati imamangira, n'kumanganso. Zinga loyamba lisiyeni lopanda tepi kuti tizidutswa tisalowe m'kati. Mfundo za payipi yochokera ku hedi zimatseka ndi milomo yake yachitsulo, sizifuna tepi.

Kokani kamphete ka safety valve thanki ili yodzaza, nkhope mutayang'ana kumbali. Mpweya utuluke mwamphamvu, ndipo mukasiya itseke yokha. Yokakamira kapena yodontha sinthani ndi ina ya nambala yofanana ndi yolembedwa pa iyo. Kuimanga ndi waya, kapena kuichotsa n'kutsekapo ndi bawuti, ndi kuchotsa chinthu chokhacho chimene chingapulumutse thanki tsiku limene pressure switch idzakane kuzimitsa mota. Chimodzimodzinso kumanga sipuling'i ya m'switchi kuti mpweya uchuluke: malire analembedwa pa kambale ka pa thanki, musawapitirire. Geji imene singano yake sibwerera pa 0 thanki ili yopanda kanthu ndi yabodza, ichotseni. Makina akayenda n'kuzizira, bwerezani kumanga mabawuti a hedi, chifukwa gasiketi yatsopano imaphwa ikatenthedwa koyamba. Ndipo anyamata amene mukuwaphunzitsa ntchito muwaletse kudziuzira fumbi pa zovala kapena pathupi ndi payipi. Mpweya umenewu umaponya tizitsulo m'maso ndipo umatha kulowa pansi pa khungu.

Chatsala ndi nkhani ya magetsi athuwa. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, tinazolowera kugwira ntchito m'maola ochepa amene magetsi abwera, ndipo mamota ambiri anapsa m'njira imodzi. Magetsi akathima kompresa ili pakati podzaza, switchi imakhala ikadali pa ON, unloader sitsegula, mpweya n'kutsekeredwa pamwamba pa pisitoni. Akabwera, mwina usiku inu muli m'tulo, mota imayesa kunyamuka ndi katundu yenseyo, imalephera, n'kumangolira mpaka itenthe. Choncho magetsi akangothima, pitani mukazimitse pa batani la pressure switch, mumve "psss" uja, kenako muzule pulagi. N'chifukwa chakenso kompresa siyenera kuzimitsidwira pakhoma. Madzulo aliwonse poweruka, zimitsani pa batani lomwelo ndi kutsegula kampopi ka madzi.

Pa jenereta, kumbukirani kuti mota ponyamuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda, kotero kuti jenereta ya 2 kVA imabanika ndi kompresa ya 2 HP ngakhale manambalawo akuoneka ngati akugwirizana. Zimitsani kaye grinder ndi makina owotcherera, tsegulani potulukira mpweya kuti thanki ikhale yopanda kanthu, yatsani kompresa, ndipo mutseke pokhapokha mota itathamanga bwino.